Mtundu wa Nyerere: Mawanga, Mafunkha ndi Mawu Oyenera Polemba

Mawu oyamba

Mphunzitsi wina wa sayansi pa sukulu ina ya ku Area 23 mu mzinda wa Lilongwe adandifotokozera zomwe zidamuchitikira m'kalasi. Iye adauza ophunzira ake kuti aliyense atole nyerere pakhomo pawo, ndipo m'mawa mwake adzaziike m'magulu potsata mtundu wake. Kutacha, ana ena adaika zakuda pazokha, zofiira pazokha, zachikasu pazokha. Ana ena adaika linthumbu palokha, midzodzo payokha ndi nyerere za m'khitchini pazokha. Padabuka mkangano, koma mphunzitsiyo adalephera kugamula kuti olakwa ndi ati, pakuti magulu onse awiri adamvera zomwe iye adanena.

Gwero la mkanganowo ndi mawu akuti mtundu. Nkhani ino ikufotokoza chifukwa chake nyerere zimasiyana maonekedwe, ngakhale zikhale zapachibale, ndiponso ikupereka maganizo a momwe alembi, akonzi ndi aphunzitsi angalembere za nkhaniyi popanda kusokoneza owerenga.

Mawu amodzi, matanthauzo angapo

Pa Chichewa timati mtundu wa Achewa, mtundu wa Amalawi, mtundu wa chimanga, ndiponso mtundu wa nsalu, potanthauza kuti nsaluyo ndi yofiira kapena yobiriwira. Pocheza sitivutika nawo mawuwa chifukwa nkhani yomwe ili pakamwa imatithandiza kuzindikira tanthauzo lake. Vuto limadza pamene matanthauzo awiri akumana m'chiganizo chimodzi. Taonani chiganizo ichi: Nyerere za mtundu umodzi zikhoza kukhala za mitundu yosiyana. Mfundo yake ndi yoona, koma mwana wa Sitandade 6 akhoza kuganiza kuti wolembayo akudzitsutsa yekha.

Chomwe chiganizochi chikufuna kunena ndi mfundo yaikulu pa maphunziro a tizilombo: kufiira kapena kuda kwa nyerere si umboni wokwanira wotiuza kuti nyerereyo ndi iti. Akatswiri adalemba kale mitundu ya nyerere yoposa 14,000 pa dziko lonse, koma pafupifupi yonseyo ndi yakuda, yodera, yofiirira kapena yachikasu. Choncho mitundu yambiri yosagwirizana konse imafanana poiona, pamene nyerere za mayi mmodzi zikhoza kuoneka ngati zosadziwana.

Nyerere za m'makomo mwathu

Tiyambe ndi zomwe aliyense wa ku Kawale, ku Biwi kapena ku Chinsapo angaone popanda kuyenda ulendo. Usiku, m'kabati momwe muli shuga, mumapezeka nyerere zazikulu zothamanga, zamiyendo italiitali. Imodzi mwa nyerere zotere, yomwe ndi yofala kwambiri mu Africa, akatswiri amaitcha Camponotus maculatus. Adayamba kuilemba ndi Johan Christian Fabricius m'chaka cha 1782, ndipo mawu a Chilatini akuti maculatus amatanthauza kuti yamawanga. Kutalika kwake kumayambira pa mamilimita 8 mpaka 12 kapena apo. M'funkha limodzi muli zing'onozing'ono zotumbuluka, pafupifupi zachikasu thupi lonse, komanso zikuluzikulu za mutu waukulu wakuda ndi mimba yodera yokhala ndi mawanga achikasu m'mbali. Munthu wosadziwa akhoza kulumbira kuti iyi ndi mitundu iwiri, chonsecho ndi ana a mayi mmodzi.

Chimodzimodzinso ndi tinyerere todera tomwe timandanda m'zipupa ndi m'mbali mwa khonde. Tambiri mwa ito ndi ta gulu lotchedwa Pheidole. Mukayang'anitsitsa pa mzere wake muona kuti pakati pa tating'ono ta mamilimita 2 pali tina tochepa m'chiwerengero, ta mitu ikuluikulu yonyezimira. Naponso mtundu ndi umodzi.

Mafulufute, omwe amatuluka mvula yoyamba ikagwa ndipo ana amawatola n'kukawakazinga, ndi chitsanzo chodabwitsa koposa. Dzina lake la sayansi ndi Carebara vidua, lomwe Frederick Smith adapereka m'chaka cha 1858. Omwe timatolawo ndi aakazi amapiko, otalika pafupifupi masentimita 2, akuda monyezimira, pamodzi ndi amphongo awo. Koma antchito a mtundu womwewu ndi tinyerere tachikasu tosafika ngakhale mamilimita 2, tokhala pansi pa nthaka, kawirikawiri pafupi ndi chulu cha chiswe. Anthu ambiri amene adya mafulufute moyo wawo wonse sadatione tinyerere timeneti, ndipo atationa sangavomere msanga kuti ndi ana a fulufute.

Linthumbu nalonso lili ndi chinsinsi chake. Lomwe limalowa m'makola a nkhuku ku Mgona ndi ku Area 25 nthawi ya dzinja, lomwe timalitchinga ndi phulusa, ndi antchito okhaokha, opanda mapiko ndiponso opanda maso. Mphongo yake ndi chilombo chachikulu chamapiko, chodera, chaubweya, cha mimba yaitali ngati soseji, chomwe chimadziwombetsa pa nyali usiku. Carl Linnaeus polemba za mphongo ya mtundu wina wa gululi m'chaka cha 1764 adaiyika pamodzi ndi mavu, ndipo padapita zaka zambiri akatswiri asadatsimikize kuti chilombo chimenechi ndi antchito aja ndi amodzi.

Zomwe zimasiyanitsa nyerere za funkha limodzi

Nyerere ilibe mafupa m'kati. Thupi lake limagwiridwa ndi khungu lolimba lakunja, ndipo kuda kapena kufiira komwe timaona kuli m'khungu limeneli. Zinthu ziwiri ndizo zimadetsa khungulo: kuuma kwake, ndi utoto wachilengedwe wotchedwa melanini, dzina lomwe timalimvanso pokamba za khungu la munthu. Kuchokera apa tikhoza kumvetsa zifukwa zinayi zomwe zimachititsa kuti nyerere za funkha limodzi zisiyane.

Choyamba ndi msinkhu. Nyerere imayamba ngati dzira, kenaka mphutsi, kenaka imagona osadya kwa masiku angapo thupi lake likusandulika, ndipo pomaliza imatuluka ili yathunthu. Potuluka imakhala yotumbuluka ndi yofewa, ndipo imadera pang'onopang'ono khungu likamauma. Mukagudubuza mwala n'kupeza nyerere zoyererako pakati pa zakuda, zimenezo ndi zongotuluka kumene. Dziwani kuti nyerere ikatuluka siikulanso. Yaing'ono si mwana wa yaikulu ayi; ndi yachikulire yomwe idzafa ili yaing'ono chomwecho. Alembi a mabuku a ana amalakwitsa kawirikawiri pamenepa.

Chachiwiri ndi udindo. M'funkha muli mayi woikira mazira, antchito omwe onse ndi aakazi, ndi amphongo omwe amapezeka nyengo yokwerana yokha. M'mitundu ina antchito ali pawiri, aang'ono ndi aakulu, ndipo aakuluwo kawirikawiri amakhala oderapo, makamaka kumutu, komwe khungu ndi lochindikala. Kuti mphutsi yaikazi idzakhale wantchito wamng'ono, wamkulu kapena mayi, m'mitundu yambiri zimadalira kwambiri chakudya chomwe idalandira.

Chachitatu ndi kukhuta. Mimba ya nyerere ili ndi timbale tolimba tolumikizidwa ndi kakhungu kopyapyala. Nyerere ikamwa madzi a shuga ambiri mimba imafufuma, timbale timatalikirana, ndipo kakhungu kaja kamaoneka ngati mizere yoyera. Yomwe idapita ku shuga ili yakuda imabwerera ili yamizeremizere.

Chachinayi ndi ubweya. Nyerere zina khungu lake ndi lakuda bii, koma zili ndi tiubweya tosalala tomwe timanyezimira padzuwa. Camponotus cinctellus, yomwe Adolf Gerstäcker adailemba m'chaka cha 1859 kuchokera pa tizilombo tomwe Wilhelm Peters adatola ku Mozambique, imaoneka yagolide kumimba chifukwa cha ubweya wotere. Ubweyawo ukaperepeseka kapena ukanyowa, golide uja amazimirira.

Zomwe zimasiyanitsa funkha ndi funkha

Tsono bwanji nyerere za funkha la kuseri kwa nyumba zimakhala zoderapo kuposa za mtundu womwewo za kudimba? Yankho loyamba ndi chibadwa. M'mitundu yambiri funkha lonse limachokera kwa mayi mmodzi, amene amakwerana ndi mphongo pa ulendo umodzi wokha ali wamng'ono, n'kusunga mbewu ya mphongoyo m'thupi mwake moyo wake wonse. Motero antchito onse ndi pachemwali, ndipo amafanana monga amafaniranira ana a bere limodzi. Funkha loyandikana nalo lili ndi mayi wina ndi bambo wina, ndiye mawanga ake akhoza kukhala aakulu, aang'ono kapena osaoneka n'komwe. Kumene mayi adakwerana ndi amphongo ambiri, monga zimakhalira ndi linthumbu, kapena kumene funkha lili ndi amayi angapo, magazi a funkha limodzi amakhala osakanikirana kwambiri.

Yankho lachiwiri ndi malo. Chinthu chakuda chimatentha msanga padzuwa kuposa choyera, monga adziwira aliyense amene adavalapo malaya akuda mwezi wa Okutobala. Kwa kachilombo komwe sikapanga kutentha kwakekwake m'thupi, kuda ndi phindu kumalo ozizira. Kafukufuku wa Tom Bishop ndi anzake, yemwe adasindikizidwa m'chaka cha 2016 ndipo adachitika m'mapiri a ku South Africa, ku Lesotho ndi m'maiko ena, adapeza kuti kumalo ozizira nyerere zochuluka zimakhala zakuda ndi zazikulupo. Melanini amatetezanso thupi ku ukali wa dzuwa, n'chifukwa chake nyerere zokhala pansi pa nthaka nthawi zonse, monga antchito a mafulufute, kawirikawiri zimakhala zotumbuluka. Mfundozi zikunena za nyerere zambiri pamodzi. Si lamulo loti nyerere iliyonse yakuda idachokera kuphiri.

Mitundu yapachibale ndi phunziro la mayina

Zaka za m'ma 1800 zikutha ndiponso za m'ma 1900 zikuyamba, akatswiri a ku Ulaya monga Auguste Forel, Carlo Emery ndi Felix Santschi ankalandira nyerere zouma kapena za m'mabotolo kuchokera ku Africa. Kawirikawiri ankaona nyerere zochepa za funkha limodzi, osaona funkhalo. Ikabwera ina yoderapo pang'ono kapena ya mawanga aang'onopo, ankaipatsa dzina lowonjezera, mpaka mayina ena adafika pokhala ndi mawu anayi. Pansi pa Camponotus maculatus padaunjikana mayina ochuluka zedi, ena a nyerere za ku Asia, ku Australia ngakhalenso ku America, chifukwa chongofanana mawanga.

M'chaka cha 1953 Edward O. Wilson ndi William L. Brown adatsutsa mchitidwe wogawa mtundu m'timagulu potsata zizindikiro zochepa zotere. Malamulo a dziko lonse otchulira nyama, omwe adatuluka m'chaka cha 1961, adakana mayina a mawu anayi aja. Pamene Barry Bolton adasindikiza mndandanda wa nyerere za dziko lonse m'chaka cha 1995, mayina ambirimbiri adalembedwa kuti ndi obwereza chabe. Kenaka kuyeza DNA kudaonetsa mbali inanso ya vutoli. Kafukufuku wa Ronald Clouse ndi anzake wa m'chaka cha 2015 adaonetsa kuti nyerere za m'zilumba za Pacific ndi maiko oyandikana nazo, zomwe zimafanana ndi Camponotus maculatus, zidachokera ku mizere ingapo yosiyana.

Motero maonekedwe adanamiza akatswiri pawiri. Adawachititsa kugawa mtundu umodzi kukhala yambiri, ndiponso kuphatikiza mitundu yambiri kukhala umodzi. Lero wofuna kuzindikira nyerere amayang'ana kapangidwe ka thupi: ngati m'chiuno muli kamfundo kamodzi kapena tiwiri, chiwerengero cha mfundo za tinyanga, mano a m'zibwano, minga ya pamsana, ngati ili ndi maso, ndiponso ngati ili ndi mbola. Camponotus ili ndi kamfundo kamodzi ndipo ilibe mbola, imangoluma ndi kuthira asidi. Pheidole ili ndi timfundo tiwiri. Zimenezi sizisintha ndi msinkhu kapena kukhuta.

Nzeru za mayina athu

N'zochititsa chidwi kuti makolo athu sadagwe mu msampha umenewu. Mayina akuti linthumbu, mdzodzo ndi mafulufute amatsata khalidwe, fungo, nyengo ndi ntchito ya kachilomboko pa moyo wa munthu. Palibe limodzi lomwe limatchula kufiira kapena kuda. Brian Morris, amene adafufuza kwa nthawi yaitali za ubale wa Amalawi ndi zachilengedwe, adasonkhanitsa mayina ambiri a tizilombo otere m'buku lomwe lidatuluka m'chaka cha 2004.

Chisokonezo chimalowa kudzera m'kumasulira. Pa Chingerezi cha masiku onse linthumbu ena amalitchula ndi mawu otanthauza nyerere zofiira, ndipo chiswe amachitchula ndi mawu otanthauza nyerere zoyera. Womasulira wofulumira amangotembenuza mawuwo limodzilimodzi. Zotsatira zake, mlimi amawerenga kapepala konena za nyerere zoyera zowononga chimanga osazindikira kuti akunena chiswe chomwe amachidziwa bwino. Chonsecho chiswe si nyerere konse. Chibale chake chili kwa mphemvu, pamene nyerere ndi abale a mavu ndi njuchi. Chiswe chilibe chiuno chowonda, ndipo tinyanga take ndi towongoka, pamene ta nyerere ndi topindika ngati chigongono.

Palinso tizilombo tina tomwe timafanana ndi nyerere. Akangaude ena amatengera maonekedwe ndi mayendedwe a nyerere, koma mukawawerenga miyendo mupeza 8, osati 6. Kulinso kachilombo kaubweya kopanda mapiko, kakuda kapena kofiira pachifuwa, ka madontho oyera kumimba, koyenda kokha pamchenga. Kameneka ndi mavu aakazi, ndipo mbola yake imapweteka kwambiri. Mphunzitsi wotuma ana kukatola nyerere ayenera kuwachenjeza za iko.

Maganizo pa kalembedwe

Poganizira zonsezi, ndikupereka maganizo otsatirawa kuti alembi, akonzi ndi aphunzitsi awayese m'zolemba zawo ndi kuwakambirana.

1. M'nkhani za sayansi ya zamoyo, mawu akuti mtundu asungidwire tanthauzo limodzi lokha, la zamoyo zomwe zimaberekana zokhazokha. Mitundu yoyandikana pa chibadwa itchedwe mitundu yapachibale, ndipo gulu lake, monga Camponotus kapena Pheidole, litchedwe fuko.

2. Pofotokoza kufiira, kuda kapena kuyera, tipewe mawu akuti mtundu ndipo tigwiritse ntchito afotokozi eniake. Tisalembe kuti nyerere ya mtundu wofiira, koma nyerere yofiira. Pamene dzina likufunika, mawu akuti maonekedwe ndi okwanira. Chiganizo chovuta chija chikhala chotere: Nyerere za mtundu umodzi zikhoza kusiyana maonekedwe. Mawu akuti utoto akhale a chinthu chodetsa khungucho, monga melanini. Mawu akuti makaka tiwasiyire mbendera, zipani ndi matimu a mpira, komwe adakhazikika.

3. Chichewa chili ndi njira zake zosonyezera kukula kapena kuchepa kwa maonekedwe, ndipo tizigwiritse ntchito: yakuda, yodera, yoderako, yofiira, yofiirira, yoyera, yoyererako, yotumbuluka, yotuwa, yachikasu. Mawu monga bii, psuu ndi mbee ali ndi malo ake ngakhale m'buku la sayansi, chifukwa amauza wowerenga kuti palibe chosakaniza.

4. Tisiyanitse mawanga, madontho ndi mizere. Mawanga ndi zigamba zazikulupo zosalongosoka m'mphepete, madontho ndi ang'onoang'ono obulungira, pamene mizere ndi yaitali yodutsa thupi. Wolemba atchulenso chiwalo chomwe akunena: mutu, chifuwa, chiuno, mimba kapena miyendo. Kungoti nyerere yamawanga sikuthandiza wofuna kuizindikira.

5. Tisiyanitse nyumba ndi okhalamo. Funkha ndi malo okhalamo nyerere. Pa gulu la nyerere za funkha limodzi ndikupereka mawu akuti mbumba. Pa chikhalidwe cha Achewa mbumba ndi alongo pamodzi ndi ana awo, ochokera ku bere limodzi, ndipo umu ndi momwe gulu la nyerere liliri. Linthumbu limasamuka kawirikawiri, kusiya funkha lakale, koma mbumba imakhala yomweyo.

6. Mayi woikira mazira ambiri amamutcha mfumukazi potsata Chingerezi. Dzinali lafala, koma limapereka chithunzi cholakwika, pakuti iye salamula aliyense. Ntchito yake ndi kubereka. Mawu akuti manthu, omwe akuluakulu amatchulira mayi wa chiswe m'chulu, akulongosola bwino udindo wake.

7. Kumene kuli dzina la Chichewa, monga linthumbu, chiswe kapena mafulufute, tilembe dzinalo. Dzina la sayansi lilembedwe monga liliri m'Chilatini, loyamba ndi lembo lalikulu, lachiwiri ndi laling'ono, osalisintha kuti limveke Chichewa.

8. Pa kalembedwe ka mawu, tikumbukire kuti mfotokozi amalumikizidwa, monga nyerere yachikasu ndi nyerere yamawanga, pamene umwini umalembedwa motalikitsa, monga mimba ya nyerere. Mawu akuti kufiira ali ndi i awiri.

Mawu omaliza

Bungwe loona za Chichewa, lomwe lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1972, lidatulutsa malamulo a kalembedwe m'zaka za 1973, 1980 ndi 1990, ndipo kuyambira m'chaka cha 1996 ntchito yotere idapita ku Centre for Language Studies ya Yunivesite ya Malawi ku Zomba. Malamulo a kalembedwe amatiuza momwe tingalembere mawu, koma kusankha mawu oyenera pa mfundo ya sayansi kumafuna kuti wolemba ayambe waona chinthucho ndi maso ake.

Ntchito imeneyi siifuna zipangizo zodula. Mphunzitsi akhoza kutenga galasi lokuzira zinthu, kusankha mafunkha awiri a nyerere zofanana m'bwalo la sukulu, ndi kuuza ophunzira kuti ajambule nyerere khumi za funkha lililonse, kulemba maonekedwe a mutu, chifuwa ndi mimba payekhapayekha, ndi kuwerenga timfundo ta m'chiuno. Nyerere ziyang'anidwe zili zamoyo kapena zitangofa kumene, pakuti zosungidwa nthawi yaitali m'sipiriti kapena padzuwa zimasuluka. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mphunzitsi wa ku Area 23 uja adabwereza phunziro lake sabata yotsatira, ndipo ulendo uno adafunsa mafunso awiri osiyana: nyerere iyi ikuoneka bwanji, nanga ndi ya mtundu wanji?